Mboni yanga ndi mphaka wa ku Jerusalem

Amayi akunyumba amati makutu anga ndi okongoletsera mutu basi. Mlanduwu wakhala ukundigwetsa zaka zambiri, koma tsopano ndapeza mboni, ndipo mboniyo ndi mphaka.

Mu 2003 a Israel Nelken ndi anzawo a pa Hebrew University ku Jerusalem anayesa ubongo wa amphaka, chigawo chija cholandira zimene khutu lamva. Anapeza kuti liwu limodzi likamangobwerezedwa, timaselo ta m'menemo timayamba kuyankha mwaulesi, koma kukalira lachilendo timadzambatuka. Mu 2005 a Michael Wehr ndi a Anthony Zador ku America anagwira makoswe, kufuna kudziwa chimene chimafooketsa yankho la ubongo pa liwu lachiwiri likabwera motsatizana ndi loyamba.

Ife a kuno ku Mulungushi izi tinazidziwa kale osavutitsa chiweto cha munthu. Malole opita ku Copperbelt amabangula mu Great North Road usiku wonse, ine mkonono uli pakamwa. Mlamu wanga akabwera kuchokera kumudzi, kumacha ali maso.

Ndiye ndinawakhazika pansi amayi n'kuwafotokozera za mphaka ndi khoswe uja. "Mukati, 'Bambo, nsima yapsa, mukatha kudya mukalipire ngongole ya makala,' nsimayo ndimaimva bwinobwino. Makalawo ndi ubongo umawapondereza. Si ine ayi, ndi sayansi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Khosweyo kufooka kwakeko kumatenga nthawi yaitali bwanji?"

Ndinayankha chapansipansi kuti sekondi imodzi sikwana.

"Nanga inu bwanji mwakhala ogontha chitsekereni fakitale ya nsalu ya Mulungushi mu 2007?"

Ndinati kafukufuku akupitirira.

Anapitirizadi, koma mwini kafukufukuyo anali iwo. Loweruka masana ndili gone kuchipinda, chitseko chotseka, wailesi ikulira, ana akuphokosera pabwalo, malole nawo ali pantchito yawo. Kukhitchini kunangomveka kaphokoso kakang'ono, tsiii, ka botolo likamatsegulidwa. Ndinapezeka ndafika kale, patapata mmodzi kuphazi, mtima uli pa mowa wa Mosi wozizira.

Linali botolo la Fanta wa mwana.

"Liwu lachilendo," ndinatero, kuyesa kuteteza dzina la a Nelken.

"Eya, ubongo wadzuka. Nali lina lachilendo," anatero amayi, nandinong'oneza m'khutu mtengo wa thumba la makala.

Ndinalipira tsiku lomwelo. Abambo anzanga, mukatha kuwerenga nyuziyi muibise, amayi asaione.