Mnzako Akapsa Ndevu, Usayambe Wafunafuna Foni

Makolo anatisiyira mwambi woti mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Ndili mwana mwambi umenewu unkandizunguza mutu. Kodi anthu akalewo ankachita chiyani ndi moto kuti ndevu zizipsa kawirikawiri chonchi, mpaka pachite kukhala lamulo la kazimidwe kake? Nditakula ndinamvetsa. Munthu wandevu zofika pachifuwa akawerama kuti auzire moto pamafuwa, kapena akamayatsa kaliwo ndi khala, ngozi imakhala ili pakhomo. Choipa cha ndevu n'chakuti zinamera pamalo pomwe mwini wake sapaona. Utsi amayamba kuuona ndi mnzako. Iwe umangonunkhiza uku ndi uku n'kumafunsa kuti akuwaula mbewa ndani.

Masiku ano mwambiwu wapeza mpikisano. Mnzako akapsa ndevu, dzanja limathamangira m'thumba, osati ku ndowa ya madzi. “Dikira kaye, usazime, sindinayambe kujambula!” Motowo usanafike pamasaya, achibale ako a ku Joni aona kale pa WhatsApp, ena aponya pa Facebook, ndipo mlamu wako waikapo tinkhope toseka tisanu. Madzi amabwera ndithu, koma amapeza phulusa.

Nditaona mmene dziko lapendekera, ndinapeza nzeru yomwe ndinkaiyesa yakuya. Njira yozembera mwambiwu ndiyo kusakhala ndi ndevu. Wopanda ndevu sapsa, safuna womuzimira, ndipo alibe ngongole ya mawa kwa munthu aliyense.

Chomwe chinandikankha kwenikweni chinachitika mu Okutobala wina pa babashopu ina pano pa Mtakataka. Amene anakhalapo kuno kunsi kwa mapiri a Dedza akudziwa kuti Okutobala wathu si wamasewera. Ngakhale malambe amaoneka ngati akufuna mthunzi. Mnyamata wometa anali atangomaliza tsaya lakumanja pamene mashini anangoti zii. Magetsi apita. “Bwana, akubwera pompano,” anatero akuyang'ana kudenga ngati magetsiwo atsikira pa malata. Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Dzuwa lomwelo, lomwe pa Golomoti pompa amalikolola m'munda wa masola wa mamegawati 20, ine linkangondiwotcha tsaya lometedwalo. Ndinabwerera kunyumba m'mbali mwa msewu wa M5 nditagwira tsaya lina ngati wodwala dzino, anyamata a kabaza akundipepesa mwaulemu wokayikitsa.

Usiku womwewo ndinatsegula bokosi la malemu agogo anga aamuna, omwe anakagwirako ntchito kumigodi pa nthawi ya Wenela. Pansi pa jekete yodyedwa ndi njenjete panali lumo lopinda, la chigwiriro chakuda, pachitsulo pake patalembedwa kuti Sheffield, dzina la mzinda wa ku Mangalande wotchuka ndi mipeni. Lumo lotere ndi lomwe amuna a ku Ulaya ankametera asanabwere King C. Gillette wa ku America ndi nzeru yake ya malezala otaya. Mkuluyu anayamba kugulitsa mu 1903, ndipo chaka chimenecho anangogulitsa zometera 51 ndi malezala 168. Koma anali atazindikira kuti chuma chili pogulitsa chinthu chomwe chimabuntha n'kutayidwa. Mpaka lero tikumupatsabe msonkho pa okala iliyonse. Lumo la agogo silifuna magetsi, silifuna okala, silifuna munthu. Ndinaona ufulu ukung'anima, ngakhale unali ndi dzimbiri pang'ono.

Mphunzitsi wanga woyamba anali mzungu wina wa pa YouTube. Anayankhula nthawi yaitali za mbiri ya lumo lake, za sopo wake, za burashi yake, ndipo atangoti tsopano tiyambe kunola, bandulo yanga inatha. Sindinade nkhawa. Ine mwana wa mlimi, wonola zikwanje ndi makasu kuyambira ndili Sitandade 3, kachitsulo kotalika ngati chala kangandivute? Ndinapita kuseri kwa nyumba pa mwala wonolera chikwanje, wokumbika pakati ngati mphero, n'kulikwecha lumolo ndi mphamvu zanga zonse. Linawala bwino. Ndikanaliyang'anitsitsa ndikanaona kuti kukamwa kwake kwasanduka sowo.

Pali mawu aja oti kumeta munthu mpala wopanda madzi. Tonse timawanena wogulitsa akatikwezera mtengo, koma ndi ochepa amene anawalawa pakhungu. Ine ndinawalawa. Ndinangodzipaka timadzi tozizira ndi sopo wochapira, n'kuyamba. Lumo silinkameta, linkazula, ndipo pomwe lalephera kuzula linkalima. Pofika pachibwano nkhope yanga inali ngati msewu wa Khwekhwerere: kukhota apa, kutsetsereka apo, ngozi pakona iliyonse. Kenaka ndinakumbukira kuti ometa amamalizira ndi spiriti. Ndinathira wodzaza chikhatho.

Abale anga, ndevu zimapsa ngakhale utazimeta. Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Mayi a kunyumba anatulukira ndi lichero n'kuyamba kundikupiza nalo, akuseka mpaka misozi. “Abambo, kodi mwalimbana ndi mphaka wa ndani?” Mwana wathu wachisamba naye anafika msanga, foni ili m'manja. Mwa anthu awiri amene anathamangira moto wanga, wina anabwera ndi mwambi wakale, wina ndi wamakono.

Mabala atauma, ndinakwera njinga kupita cha ku Mua. Kumeneko, kuyambira pamene Bambo Claude Boucher anatsegula malo a zaluso a Kungoni mu 1976, kwadzaza amisiri osema ziboliboli, ndipo munthu wosema amadziwa kunola kuposa wina aliyense, chifukwa chitsulo chobuntha chimang'amba mtengo. Ndili m'njira ndinakumbukira zithunzi za ansembe oyamba a chipani cha White Fathers amene anakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, ndevu zili yangayanga mpaka pachifuwa. Anthu amenewo anachokera kwawo kwa malumo, koma atafika kuno anasankha kuzisunga. Mwina ankadziwa kanthu kena.

Anandilozera kwa mkulu wina wokalamba, amene anasiya kusema koma miyala yake akadali nayo. Analitembenuza lumo langa, n'kuliyang'ana padzuwa, kenaka n'kuyang'ana nkhope yanga.

“Mwana wanga, lumoli linakulakwira chiyani?”

“Ndimati ndilinole, agogo.”

“Ayi, iwe umalipatsa chilango.”

Anatulutsa miyala itatu m'kansanza: wokhakhala, wapakati, ndi wina wosalala ngati tsaya la khanda. Miyala yogula kusitolo imakhala ndi manambala monga 1000, 4000 ndi 8000, ndipo nambala ikamakula mwalawo umakhala wosalala kwambiri. Ya agogowa inalibe nambala, koma ankaidziwa ndi chala. Lamulo loyamba, anatero, mwala ukhale wathyathyathya. Wokumbika pakati ndi wa chikwanje. Anauthira madzi, n'kuligoneka lumo chogona ndithu, msana wake ndi kukamwa kwake zonse zitakhudza mwala. Mpeni umaudzutsa msana ponola, koma lumo ayi, chifukwa amene analisula anapima kale kunenepa kwa msanawo kuti ndiwo uzipereka kupendekeka koyenera. Ukaudzutsa, wawononga ntchito ya mmisiri amene anamwalira usanabadwe.

Ankalikankha kukamwa kuli patsogolo, ngati akufuna kusenda kakhungu ka mwalawo, molambalala pang'ono kuti chitsulo chonse chilawe mwala kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. Akafika kumapeto ankaligubuduza pamsana, osati pakamwa, n'kubwerera. Mbali iyi kamodzi, mbali inayo kamodzi, osakondera ngati mwamuna wamitala wanzeru. Nditayesa ine, anandimenya kadzanja.

“Usakanikize. Kulemera kwa lumolo n'kokwanira. Ukufuna kuthamangira kuti? Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

Tinatha masana onse pochotsa mano a sowo amene ndinaika ine m'mphindi zisanu. Titachoka pa mwala wachitatu, anakoleka lamba wachikopa pa msomali, n'kumukoka kuti athine. Apa zinthu zimatembenuka: pachikopa umatsogoza msana, kukamwa kumatsatira m'mbuyo, apo ayi udula lamba wako n'kugwetsa buluku. Chikopa sichidya chitsulo ngati mwala, chimangowongola kukamwa komwe kumapindika pang'ono pometa. N'chifukwa chake pachikopa umadutsitsapo tsiku lililonse usanamete, pomwe kumwala umabwererako patapita miyezi. Pomaliza sanayese ndi chala. Analiyendetsa pamkono, ubweya n'kumangogwa wokha ngati wamva mbiri yake.

Kenaka anandiphunzitsa kumeta kwenikweni. Madzi otentha kaye, kansalu konyowa pankhope kwa mphindi zingapo, chifukwa ndevu zouma ndi waya. Thovu lochuluka. Dzanja lina likoke khungu kuti lithine ngati ng'oma. Lumo lisaime chilili ndipo lisagone, msana ungotalikirana ndi khungu pang'ono. Uzimeta pang'onopang'ono motsata komwe ndevu zagonera, ndipo usaliyendetse cham'mbali ngati ukucheka nyama, pakuti nyamayo ndiwe. Sabata yoyamba umete masaya okha. Chibwano ndi kholingo n'za anthu amene akhwima. Anandichenjezanso kuti tsitsi lathu ndi lopotana, ndiye ukalimeta mopalira kwambiri limapindikira m'khungu pomera n'kutulutsa tiziphuphu tija tapakhosi. Ukamaliza, lipukute liume, ulipake kadontho ka mafuta a mashini osokera, chifukwa chinyezi cha kunyanja kuno sichichedwa kubala dzimbiri.

“Ndipo lumo sabwerekana,” anatero atakweza chala. Apa sankanena za umbombo. Magazi otsalira pachitsulo amatha kunyamula matenda a chiwindi ngakhalenso kachilombo ka HIV. “Chobwerekana ndi dzanja, osati lumo.”

Mawu amenewo anandikhala m'mutu njira yonse. Ndinayamba kuona kuti m'chinenero chathu kumeta si ntchito ya munthu mmodzi. Maliro akatha, abale amasonkhana kumeta, wina kumeta mnzake. Mnyamata akalowa kudambwe timati wameta, koma sadzimeta yekha. Achinyamata amene amabwera kudzaphunzira upolisi pano pa Mtakataka mpala wawo amachita kuwameta. Ngakhale wometa wotchuka, nkhongo yake amaipereka kwa wina. Ine ndinatenga lumo kuti ndisafune munthu, ndipo pasanathe mwezi linali litandipezera ngongole ziwiri, ya lichero ndi ya miyala itatu.

Ya miyalayo ndinayesa kuibweza tsiku lomwelo. Nditatulutsa ndalama, agogo aja anakankha dzanja langa.

“Bweza m'thumba. Udzandilipira mawa.”

Ndinaganiza kuti ndi mawa la Chimalawi, lija silifika. Ndinapita kwathu, ndinadzicheka kangapo, kenaka kawiri, kenaka kamodzi, mpaka Loweruka lina ndinatuluka kubafa wopanda bala ndipo palibe amene anandijambula, poti munthu wosavulala sasangalatsa pa foni.

Patapita miyezi, mvula itayamba, kunabwera mnyamata pa njinga. “Agogo akuti mawa lija lakwana.” Ndinawapeza atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango. M'maso munali mutachita ng'ala, manja akunjenjemera, ndevu zoyera zitamera mbali zonse ngati udzu wa m'dambo. Mdzukulu wawo wamkazi ankakwatiwa m'mawa mwake kutchalitchi, ndipo iwo anakana kupita ku babashopu. Pamwendo pawo panali lumo lawolawo, lokulungidwa m'kansanza komwe kaja.

Ndinalidutsitsa pachikopa, iwo akumvetsera kulira kwake. “Wakanikiza,” anatero osatsegula maso. Ndinafewetsa dzanja. Ndinawaika kansalu kotentha, ndinawapaka thovu, ndinakoka khungu lomwe linali lambiri kuposa nkhope yawo, n'kuyamba. Sindinagwirepo chinthu mosamala chotero chibadwire. Kholingo la munthu amene anakuphunzitsa kunola likakhala pansi pa lumo lomwe uli nalo m'manja, umapuma mochita kupempha.

Ndili pakati pa tsaya lachiwiri, ndinamva kaphokoso kumbuyo kwanga. Mnyamata uja anali atatulutsa foni, akufunafuna poima pabwino. Agogo, maso ali chitsekere, thovu lili m'masaya, anakweza chala chimodzi.

“Iwe, ika pansi chimenecho, ukatenge madzi ena otentha. Ubwere udzaime apa uone mmene akugwirira. Ndakumva mawu ako masiku ano, nawenso zayamba kumera.”