Mlatho wa Ng'ona

Padangokhala, kutsidya kwa nyanja, m'dziko la America, kudali mtsinje waukulu umene nyama zonse zinkawoloka popita kumsika wa nkhani, nyimbo ndi makanema. Mlatho adamanga ndi Ng'ona, ndipo tisamunamizire, adakhetsadi thukuta: mitengo adadula yekha, luzi adafulula yekha. Nyama iliyonse inkamulipira mwezi ndi mwezi. Mwambo udali umodzi: ukalipira, woloka. Ng'ona asasuzumire m'dengu mwako, asakufunse kumene ukupita. Mu 2003, mphunzitsi wina wa malamulo, Tim Wu, adaupatsa mwambowu dzina loti net neutrality.

Koma maso a Ng'ona sankagona. Madzulo alionse ankaona Njovu akudutsa ndi mitolo ya makanema, mlatho n'kumachita kulira. Pa katundu yense wowoloka nthawi imeneyo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu lidali la Njovu yekha.

"A Njovu, mukulemerera pa mlatho wanga. Ikanipo kangachepe."

"Achimwene, amene aitanitsa katunduyu adakulipirani kale. Mufuna kudya kawiri?"

Ng'ona sadayankhe. Adangosiya chipata chili chopanikiza, osachikuza. Makanema adayamba kufika modukizadukiza. M'nyumba ana ankangoyang'anitsitsa kachizindikiro kakuzungulira pa kompyuta, kanema ataima pakati, chakudya n'kumazizira m'mbale. Njovu adadandaula mokweza kuti mlatho ndi wa aliyense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, koma mu February 2014 adamasula chikwama, ndipo katundu wake adayambanso kuthamanga. Kumeneko Njovuyu amamutcha Netflix, Ng'onayu amamutcha Comcast.

Fulu, amene kadengu kake kadali ka nkhani za m'mudzi basi, adaona kuti iye alibe choti n'kumasula. Adamema nyama zinzake zing'onozing'ono kupita kwa Kadzidzi, woweruza wa bwalo la FCC. Makalata adafika pafupifupi 4 miliyoni. Mu 2015 Kadzidzi adagamula kuti Ng'ona asatsekere munthu njira, asachedwetse katundu wa wina mwadala, asagulitse njira yachidule kwa amene ali ndi ndalama. Tsiku limenelo Fulu adavina mpaka fumbi kobo.

Tsoka lake, mpando wa Kadzidzi umasintha ufumu ukasintha. Mu 2017 padakhala Kadzidzi wina, Ajit Pai, amene ankati lamulolo likugwetsa Ng'ona ulesi womanga milatho yatsopano. Fulu adakwawa usiku wonse kukagogoda kwa Njovu, amene nayenso adadandaulapo za mlathowo.

"Odi, a Njovu! Akufuna kufafaniza lamulo lathu lija. Tiyeni tikaime limodzi."

Njovu adapukusa makutu. "Mphwanga, ine tsopano ndakula. Palibe Ng'ona angayerekeze kunditsekera chipata. Nkhondoyi ndikuidziwa, koma si imene ikundisowetsa tulo."

Izi sindikupeka ine ayi. Mkulu wa Netflix, Reed Hastings, adalankhula zofanana nazo mu May 2017. Pambuyo pake Njovu adaonekerako ndithu pa zionetsero, koma Fulu adali atamva kale zakumtima kwake. Mu December chaka chomwecho, oweruza atatu a bwalo la FCC adagonjetsa anzawo awiri, lamulo n'kugwa.

Chilimwe cha 2018 moto wolusa udabuka ku California. Fulu adali m'gulu la ozimitsa moto a ku Santa Clara, atasenza mauthenga ouza anzake kumene malawi alowera. Atafika pa mlatho wa Ng'ona wina, Verizon, adapeza chipata chatsala kampata kang'onong'ono.

"Bwana, nkhalango ikupsa!"

"Mwapyola muyeso umene mudalipira. Gulani wokwera mtengo, mudutsa."

Utsi uli tolotolo, Fulu adaima pamenepo n'kumakambirana za mtengo. Kenako Ng'onayo adapepesa, nati adalakwitsa ndi antchito ake, ndipo nkhaniyi siikhudzana ndi mwambo uja. Ine mtima umandiwawabe ndikaganiza za Fulu ataima pachipata chija.

Nthawi yonseyi Njovu wina, Facebook, adali atawolokera kwathu kuno ndi mphatso m'manja. Adayambira ku Zambia mu 2014, n'kufika ku Malawi mu 2015, atagwirizana ndi eni milatho akuno. Adati aliyense awoloke ulere, koma polowera pake pankangofikitsa munthu ku mabenchi ochepa amene adavomerezedwa, lake lomwe lili pomwepo. Kadengu ka Fulu kadali kuseri, kofunika kulipira. A ku India adakana mphatso yotereyi mu 2016.

Ku America lamulo lija lidabwezeretsedwa mu 2024, koma khoti lidalithetsanso mu January 2025.

Inu amene mumagula bando ya WhatsApp kapena ya Facebook chifukwa ndi imene thumba likukwanitsa, tsiku lina mudzafunseko amene adakusankhirani mabenchi amenewo, ndiponso kumene Fulu adaikidwa ndi kadengu kake.