Ife oimba osatsegula pakamwa

Mu 1958 mawayilesi ena a ku New York ndi Boston anakana kuulutsa nyimbo yotchedwa Rumble, ati iyambitsa ndewu pakati pa achinyamata. Nyimboyotu ilibe mawu. Mulibe kutukwana, mulibe kuzembaitsa munthu, ndi gitala, besi ndi ng'oma basi. Mwini wake, Link Wray, anali ndi phapo limodzi. Linalo madokotala anachotsa kaamba ka chifuwa chachikulu chomwe anatenga ali msilikali nthawi ya nkhondo ya ku Korea, n'kumuuza kuti zoimba ndi pakamwa aiwale. Pofuna kuti gitala yake izilira mokalipa, mkuluyu anatenga pensulo n'kuboolaboola sipika.

Nkhaniyi imandilimbitsa mtima, pakuti nanenso ndinauzidwa kuti za pakamwa ndiiwale, chonsecho mapapo onse awiri alipo. Anandiuza ndi aphunzitsi a kwaya ya kutchalitchi kwathu, mwaulemu ndithu: "Abambo, mphatso zimasiyana. Inu yanu ndi yonyamula mabenchi." Apa m'pamene ndinadziwa kuti abale anga enieni ndi anyamata odokonyola nsambo atatseka pakamwa.

Tamvani za Duane Eddy. Chaka chomwecho cha 1958 anajambula Rebel Rouser ku Phoenix, m'boma la Arizona, akumenya nsambo zikuluzikulu zam'mwambazi, zomwe anzake ankangodutsapo. Situdiyoyo inalibe chipinda chobwezera mawu, ndiye iye ndi womujambulira nyimbo Lee Hazlewood anagula chithanki chamadzi chopanda kanthu, n'kuika sipika mbali ina, maikolofoni mbali inayo. Phokoso lija likazungulira m'chithankimo limatuluka lanenepa. Ine thanki ndilibe, koma mgolo ulipo. Aneba anandipeza mutu uli mumgolo, gitala ili pamimba, matako ali kudzuwa. Sanafunse kanthu. Anangopita kukauza mayi akunyumba kuti ngati ndi ngongole, tikhale pansi tikambirane, munthu asamaganize yekha.

Ku Britain kunali Hank Marvin wa gulu la The Shadows, mnyamata wowonda wa magalasi aakulu ngati kalaliki wa kwa DC. Woimba Cliff Richard anamuitanitsira Fender Stratocaster yofiira kuchokera ku America mu 1959, ndipo chaka chotsatira nyimbo ya gululi ya Apache inakhala nambala wani. Akatswiri a gitala Mark Knopfler ndi Brian May anavomera okha kuti anakula akusirira kadokonyoledwe kake. Magalasi ndili nawo, a pamsika. Chomwe chikusowa ndi Cliff Richard. Mlamu wanga ali ku Joni, koma akatumiza kanthu amatumiza bulangete.

Dick Dale anali wamanzere, anangoitembenuza gitala osasintha nsambo, n'kumaikwapula mpaka maampulifaya kupsa. Misirlou yake ya 1962 inadzadzuka mu 1994 mu filimu ya Pulp Fiction, kenako a Black Eyed Peas anaiika m'nyimbo yawo ya Pump It. Nayo Apache itajambulidwanso ndi Incredible Bongo Band mu 1973, ng'oma zake zinasanduka mbewu ya hip hop. Mwana wanga akamagwedeza mutu ndi timahedifoni take sadziwa kuti akuvina gule wa agogo. Nditamufotokozera, anachotsa kumodzi, n'kundiyang'ana mwachifundo, n'kubwezeretsa.

Koma amene amandiwawitsa mtima ndi The Ventures. Don Wilson ndi Bob Bogle anali amisiri omanga nyumba m'boma la Washington, magitala awo oyamba anagula m'sitolo ya pinyolo. Makampani ojambula nyimbo atawakana, mayi ake a Don, a Josie Wilson, anatsegula kakampani kawokawo, ndipo Walk, Don't Run inafika pa nambala 2 ku America mu 1960. Ku Japan, komwe chizungu chinali chovuta, nyimbo zopanda mawu zinalowa mosagogoda, achinyamata n'kuyamba kulimbirana magitala amagetsi.

Njerwa ndinaponyapo. Pinyolo ndiye kwathu, gitala yangayi inapitako kambiri moti imadziwa njira. Chinatsala ndi mayi wotsegula kampani. Mayi anga ndinawaimbira foni kumudzi, n'kuwalongosolera zonse, za Josie Wilson, za Japan, za nambala 2. Anamvetsera mpaka mayunitsi atatsala pang'ono kutha, kenako anati: "Mwananga, zikomo. Nanga ya feteleza ija watumiza?"