Seva yathu ikufuna K500

Shuga akakwera mtengo ndimadandaula koma ndimamvetsa, chifukwa nzimbe ndimaziona. Minibasi ikakwera ndimang'ung'udza koma ndimakwerabe, chifukwa mafuta ndimawamva fungo. Chimene chandipsetsa mtima mwezi uno ndi lendi ya malo amene sindinawaonepo, m'kompyuta imene sindikudziwa ndi mtundu wake womwe, kudziko kumene sindidzapondako. Kampani imene imatisungira webusaiti ya gulu lathu yatumiza imelo yaulemu kwabasi, akuti akweza mtengo pofuna kutitumikira bwino. Mtengowo ndi wa madola. Aliyense amene anali moyo mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, akudziwa kuti kunjako akakweza kamodzi, kuno zimafika zitakwera kawiri.

Pagulu lathu la banki m'khonde ine ndine Injiniya. Udindowu sindinachitire kampeni. Ndinaupeza tsiku limene foni ya apongozi awo a Tcheya inasiya kulira, ine n'kuizimitsa, n'kuiyatsanso, iyo n'kulira. Kuchokera pamenepo chilichonse chokhala ndi batani chimabwera kwathu, mpaka sikelo ya kuchigayo. Maphunziro anga ndi a pa YouTube, kalasi ya usiku, nthawi imene bandulo amatchipa ndipo anthu abwinobwino ali m'tulo.

Webusaitiyi inabadwa makoswe atalowa m'kope la gulu n'kudya tsamba limodzi lokha, la ngongole ya a Wachiwiri kwa Tcheya. Gulu linandilamula kuti ndipange pulogalamu yoti membala aliyense aziona masheya ndi ngongole yake pafoni. Ndinailemba mu PHP. Chiyankhulo cha makompyuta chimenechi anachitulutsa mu 1995 ndi Rasmus Lerdorf, munthu wobadwira ku Greenland, amene poyamba ankangofuna kudziwa kuti ndi anthu angati akuwerenga CV yake pa intaneti. Ndimamumvetsa mkuluyu. Nanenso CV yanga ndakhala ndikufuna kudziwa ngati pali amene anaiwerengapo.

Kwa amene simunalowepo m'zimenezi, zimayenda chonchi. Pa seva pamakhala pulogalamu yotchedwa Apache, nayonso ya 1995, imene ntchito yake ndi kuyankha aliyense wogogoda pa webusaiti. Apache ndi mwini nyumba. PHP ndi mlamu uja anabwera kudzacheza sabata imodzi n'kukhazikika pabalaza. Akatswiri amati mod_php: mlamu amagona m'nyumba momwemo, kudyera mbale imodzi ndi mwini nyumba. Mlendo akapempha chithunzi, mwini nyumba amangotenga pashelefu n'kupereka. Akafunsa kuti ngongole yanga yafika pati, mwini nyumba amakodola mlamu, mlamu n'kuthamangira ku database, kuwerengetsa, n'kubwera ndi yankho. Zikayenda bwino ulemu ndi wa mwini nyumba. Mlamu akapsereza, mwini nyumba saulula. Amangosuzumira pakhomo n'kuuza mlendo nambala imodzi: 500. Muno mwavuta, koma ndi za m'banja.

Sabata yomweyo ya imelo yaulemu ija, mamembala atatsegula webusaiti anapeza tsamba loyera mbee, pamwamba palembedwa 500 Internal Server Error. Msonkhano unaitanidwa mwadzidzidzi.

"A Injiniya," anatero a Tcheya atagwirira foni patali kuti aone bwino, "Chizungu chinachi chandidutsa, koma nambalayi ndaimva. Ikufuna 500."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za mlamu.

"Musatitayitse nthawi. Dziko lino ndani amagwira ntchito osaponyeredwa kangachepe? Mayi Msungichuma, ipatseni."

Bokosi lathu lili ndi maloko atatu, ndipo makiyi ake amasunga anthu atatu osamwerana madzi. Kuti ubwereke ya feteleza pamafunika mboni ziwiri ndi misozi. Koma tsiku limenelo maloko onse anatseguka mwamtendere, a Chilembwe n'kutuluka, n'kutera m'dzanja langa. Makolo anga anandilera bwino: wamkulu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri. M'kope latsopano munalembedwa kuti, "Seva, K500."

Usiku ndinayamba ndi mwambo wa akatswiri onse padziko lapansi. Ndinadina refresh. Ndinazimitsa laputopu. Ndinatukwana netiweki. Ndinadinanso refresh mwamphamvu, kuti mwina poyamba sinamve. Kenako ndinakumbukira kuti Apache, ngakhale saulula kwa alendo, ali ndi kope lake la kuchipinda lotchedwa error log. Chilichonse chikalakwika amalemba mmenemo: tsiku, ola, dzina la fayilo, ndi chimene chavuta. Mzere womaliza unati Invalid command 'php_value'.

Nkhani yake inali yakuti akampani, potitumikira bwino, anachotsa mlamu pabalaza n'kumusamutsira ku boyizi kota. Njirayi imatchedwa PHP-FPM, ndipo kunena zoona ili ndi nzeru. Mlamu akakhala m'nyumba, wantchito aliyense wa Apache amayenda atamubereka kumsana, ngakhale mlendo atangopempha chithunzi, ndiye memory imatha msanga. Akakhala payekha amamuitana pokhapokha pali ntchito yake. Vuto n'lakuti mu kafayilo kanga ka .htaccess munatsala malangizo opita kwa mlamu wa pabalaza. Apache atawawerenga osawamva, anangotseka chitseko. Ndinafufuta mizereyo, n'kudina refresh ndi chala cha munthu amene ndalama yake waigwirira ntchito.

500.

M'mamawa ndinaimbira a Tcheya. "Bwana, yafunanso."

"Ndinadziwa ine. Zimenezi ukangozizoloweza basi. Uzani mayi Msungichuma."

Mayi Msungichuma, amene ndi munthu wosamala nthawi, anati mmalo motsegula maloko kawirikawiri angophatikiza yaleroyo ndi yamawa, n'kutulutsa a Kamuzu.

Ulendo uno log inati Call to undefined function mysql_connect(), n'kutchula fayilo ndi nambala ya mzere, popanda ndi manyazi omwe. Lamulo limeneli ndi limene pulogalamu yanga inkagwiritsa ntchito polowa mu database. Eni ake a PHP anayamba kuchenjeza mu 2013 kuti lamuloli lakalamba, ndipo mu Disembala 2015, potulutsa PHP 7, analichotseratu. Uthengawo sunafike kwa m'bale wa pa YouTube amene anandiphunzitsa, choncho mlandu ndi wake. Ife tinali phee pa PHP 5.6, imene eni ake anasiya kuisamalira kumapeto kwa 2018, mpaka akampani anatinyamula usiku n'kukatitula pa PHP 8. Mukafunsa kuti nanga 6 inapita kuti, sinatuluke n'komwe. Anachoka pa 5 kupita pa 7. Anthu owerenga chonchi ndi amene ndinawapatsa ndalama za gulu kuti aziwerengetsa chiwongoladzanja.

Ndinalembanso mbali yonseyo pogwiritsa ntchito PDO, ndipo mkati molemba ndinatuluka thukuta lozizira. Momwe zinalili kale, munthu wochenjera akanatha kulemba timawu tina m'kabokosi ka dzina, database n'kutimva ngati lamulo, ngongole yake n'kufufutika. Amati SQL injection. Makoswe a masiku ano sadya pepala.

Nditakweza mafayilo atsopano, tsamba la malisiti linayankha kuti 403.

"Yatsitsa!" anafuula mayi Msungichuma, n'kululutira pang'ono.

Ndinayesa kunena kuti 403 ndi seva ikukana munthu kulowa chifukwa zilolezo za fayilo sizili bwino. Mwatsoka panali mnyamata wa pashopu yoikira nyimbo m'mafoni, amene amanditenga ngati mdani wa pabizinesi. "Biggie, ingoipatsani 777, zitheka."

Pa seva, 777 ndi chilolezo choti aliyense awerenge fayilo, aisinthe, aigwiritse ntchito mmene angafunire. Koma a Tcheya anamva mtengo. "777? Dzulo lomweli 500, lero m'mawa 403, masana ano 777? A Injiniya, kaneneleni."

Ndinapita kuseri kwa nyumba ndi laputopu, ndinaika 644, chimene ndi chilolezo choyenera cha fayilo wamba, tsamba n'kutseguka. Nditabwerera ndinalengeza kuti tagwirizana 644. Anandiwombera m'manja. A Wachiwiri anati munthu wodziwa kunenerera chonchi ndi wofunika kumutuma kokagula mbuzi ya Khirisimasi.

Kuyambira pamenepo gulu lathu lili ndi ndondomeko ya mitengo ya seva. Wina akalakwitsa adiresi n'kupeza 404, amati lero yadzuka bwino. Mlamu akachedwa kuyankha ku boyizi kota kuja, pamabwera 504. Tsiku logawana, mamembala onse ndi abale awo atalowa nthawi imodzi, seva inalemedwa n'kulemba 503, mayi Msungichuma n'kupukusa mutu kuti K3 yapamwambayo ndi ya devaluation. Pofuna kudzipulumutsa ndinawauza kuti nambala yeniyeni yopemphera ndalama ilipo, ndi 402 Payment Required, ndipo amene anakonza malamulo a intaneti anaisunga kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kuti idzagwire ntchito mtsogolo. A Tcheya anati umenewo ndi mtengo wakale, nanga sindikuona mmene zinthu zakwerera? Za 418 sindinayerekeze kutchula. Imeneyo inalembedwa mwanthabwala pa 1 Epulo 1998, ndi ya seva imene ikukana kuphika khofi chifukwa iyo ndi tiyipoti. Akanamva akanatsegula thumba lapadera la shuga ndi mkaka.

Ena oipa mtima anganene kuti Injiniya akudya ndalama za seva. Ine ndimati ndi thumba la kafukufuku. Ndiponso kafukufukuyo safika patali, chifukwa mayi a kunyumba anaphunzira manambalawa msanga kuposa ine.

"Amayi, ndiwo zilipo?"

"404."

"Nanga kachenji kanatsala dzulo kaja?"

"403, bambo. Ndipo kukhitchini kuno kwalemba 500. Tomato."

A Chilembwe a seva amangogona usiku umodzi m'thumba langa, kukacha ali pamsika. Ngakhale mwana wathu wa sitandade 4 nditamufunsa za lipoti la kusukulu anandiyang'ana m'maso n'kuti 503, ndiyesenso nthawi ina.

K500 ya a Tcheya ndi yochepa tikaiyerekeza ndi imene amalipira mayi uja amachoka kumudzi tambala woyamba, kubwereka ya thiransipoti, kuima pamzere dzuwa lonse mwana ali kumsana, n'kufika pawindo kukamva kuti sisitimu yagwa, bwerani mawa. Sisitimu siigwa popanda chifukwa, ndipo chifukwacho imalemba yokha, ndi tsiku ndi ola lomwe. Chimasowa ndi munthu wolipidwa kuti awerenge. Ndalama ya tenti, riboni, matisheti ndi maalawansi a tsiku lotsegulira timaipeza. Ya munthu woti chaka chamawa adzasinthe PHP yokalamba, asunge backup, atseke mipata ya akuba, mu bajeti simukhala. Mayina a anthu, manambala a mafoni ndi a ziphaso zawo amangogona m'mapulogalamu amene wowalemba anachoka kalekale ndi pasiwedi yomwe. Ngati ine wa kalasi ya usiku ndinapeza vuto potsegula fayilo imodzi, amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi alibe chonamizira. Mawu akuti sisitimu yagwa asanduka bulangete lofundika ulesi, ndipo wozizidwa ndi mayi uja.

Panopa webusaiti yathu ikuyenda. Zinthu zikakhala bwino seva imayankha kuti 200, koma nambala imeneyo siioneka pafoni, choncho mayi Rose Chibambo sanatulukepo m'bokosi. Lendi yokwera ija gulu lakana kulipira, akuti seva yadya kale zambiri chaka chino, ipume kaye. Ndikuganiza zochotsa semicolon imodzi pa mzere wina Lachisanu madzulo, kuti tikambirane bwino Loweruka.

Inu owerenga, mukadzauzidwa pawindo lililonse kuti sisitimu yagwa, funsani mwaulemu kuti yalemba nambala yanji ndipo ndani wawerenga log. Koma chikwama musatulutse. Seva siidya ndalama, amadya ndi Injiniya.