Mlomo Uli ku Dubai, Phazi Lili ku Ndirande

Akuluakulu amene anatisiyira mwambi woti "ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata" ankadziwa mlomo wa nthawi yawo, mlomo woyenda wapansi. Munthu unkapita kwa eni, n'kukanyoza nsima ya kumeneko kuti ndi ya mibulu, kapena kunong'oneza wina kuti mwana wa amfumu sakufanana ndi amfumu, kenako n'kubwerako bwinobwino. Unkalima, kupalira, kukolola, mwinanso kukwatitsa mwana, mlomo uja ukadali m'njira, ukugona m'midzi, ukudikira wogulitsa mchere woti autengeko. Kukupeza unkakupeza ndithu, koma unkapeza utakonza kale poyankhira, mboni zina zitamwalira.

Wa lero sutsata munthu. Umatsogola. Mwini wake akadali pa depoti ku Limbe, akulimbana ndi kondakitala amene akufuna ndalama ya chikwama, mlomo wafika kale ku Mangochi. Walengeza pa WhatsApp kuti "nyanja, tikubwera," walengezanso pa Facebook, ndipo minibasi isanadzaze n'komwe, a kutchalitchi, a kuntchito ndi a kuchimuna onse adziwa kuti uje ali ndi ndalama.

Wofuna kuona zimenezi ndi maso apite kunyanja pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala. Dzuwa la mwezi umenewu silinyengerera munthu, ndipo tauni yonse imakhuthukira ku Senga Bay, ku Mangochi, ku Nkhata Bay ndi ku Chintheche. Mabasi a hayala, amayi a chitenje chofanana, mapoto a mpunga okulungidwa m'nsalu, nkhuku zokazinga usiku, sipika yaikulu kuposa woinyamula. Anakubala enieniwo, eni tsiku, ambiri amakhala atatsala kumudzi akusosa, atalandira kale chitenje chawo ndi uthenga wa pa foni. Koma imeneyo ndi nkhani ina. Taonani mayi uyo waima m'madzi olekeza m'akakolo. Kusambira satha, ndipo si zimene wabwerera. Wapereka foni kwa kamnyamata ka achemwali ake, ntchito yayambika.

"Bwerera m'mbuyo iwe, nyanja ilowe yonse. Ayi, mimba usaionetse. Dikira anthuwo adutse, ndioneke ndekha. Bwatolo lisachoke, likhale langa. Wajambula? Taona wandidetsa. Bwereza."

Kenako chambo. Chambo cha kunyanja sichidyedwanso chotentha. Chimayamba chajambulidwa cham'mwamba, cham'mbali, chili ndi ndimu, chopanda ndimu, botolo la chakumwa litatembenuzidwa kuti dzina lake lioneke. Kawirikawiri chimakhala chimodzi, anthu asanu asonkherana, koma aliyense amachijambula payekha, moti otsala kunyumba amawerenga nsomba zisanu.

Mwa owerengawo muli msungichuma wa banki mkhonde. Mayi ameneyu alibe nsanje. Amaona zithunzi zonse mpaka chomaliza, amaikapo kamtima kofiira, kenako amatsegula kope lake n'kupeza dzina la munthu amene Lachinayi lapitali anabwera ndi nkhope yakugwa kudzanena kuti malipiro sanalowe, mwananso akutsokomola. Uthenga wake umakhala waulemu wokhawokha: "Asisi, nyanja taiona, yakongola kwabasi. Mwatiimirira. Lachinayi musaiwale, ndi chiwongoladzanja chomwe." Apo n'kuti asisi aja mchenga usanachoke kumapazi.

Ndiye anthu anachenjera. Opanga WhatsApp, kaya nawonso anali ndi ngongole, anaikamo njira yobisira anthu ena zimene waika. Choncho ulendo wa masiku ano suyamba ndi kulongedza zovala. Umayamba ndi kukhala pansi usiku n'kumasankha oti asaone: alandilodi, wa katapila, mayi wa pa okala amene timatengako shuga mokongola, abusa poti Lamulungu sitikaonekako, ndi abwana, amene tawauza kuti azakhali atisiya ku Ntcheu. Ntchito imeneyi imadya nthawi kuposa ulendo weniweniwo, ndipo siphula kanthu, chifukwa mlomo uli ndi abale. Pamakhala msuweni mmodzi amene munamuiwala, amene amatenga chithunzi chanu n'kuchitumiza kwa alandilodi osawonjezerapo mawu. Kapenanso inu mwadzigwira, simunaike kalikonse, koma mwatulukira kumbuyo kwa chithunzi cha munthu wosamudziwa, mutavala kabudula wa maluwa, botolo lili m'manja, tsiku lomwe abwana akudziwa kuti muli kumanda. Lolemba m'mawa amakulandirani okha pakhomo la ofesi: "Pepani ndi zovuta zija. Koma azakhaliwo anawaika m'madzi?"

Tchuthi chenicheni cha ambiri a ife ndi Khirisimasi ya kumudzi, ndipo kumenekonso timapeza mlomo utafika kale, utakhala pa mphasa, utalonjeza zinthu m'dzina lathu. Amalume foni yawo ndi ya mabatani, koma adzukulu anawaonetsa zonse. Amadikira udye kaye, usambe m'manja, kenako amayambira patali. "Mphwanga, nyanja ija ndi yaikuludi eti? Galimoto yokafika kumeneko si ya ndalama zochepa." Ukangovomera, wagwa. Feteleza wobereketsa, malata awiri a kukhitchini, fizi ya Januwale.

Tisanamizire foni yokha. Matendawa ndi akale. Matchona ankabwera kuchokera ku Joni atatenga njinga, galamafoni ndi jekete lolemera lovala mu Novembala, n'kusimba za nyumba zosanjikizana mpaka amayi kupsereza ndiwo. Za kutentha kwa pansi pa mgodi ankadumpha. Ndipo mkulu wa onse osiya mlomo anali mlendo. David Livingstone anafika pa nyanja yathu mu 1859, n'kupeza anthu akuwedza, akuyanika nsomba, akupalasa mabwato monga ankachitira makolo awo. Iye analembera kwawo, ndipo kwawoko anamva kuti watulukira nyanja. Atabweranso mu 1861 anaona malo okongola, kumene kuli mudzi wa Chembe, n'kuwatcha Cape Maclear, dzina la mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi amene ankakhala ku Cape Town. Ana a lero amati kutaga mnzako. Dzinalo mpaka pano silinachoke.

Pa phiri la Zomba pali malo otchedwa Emperor's View, poti Haile Selassie wa ku Ethiopia anaimapo mu 1965 n'kuyang'ana kumunsi. Kuima, kuyang'ana, kubwerera, basi. Ameneyu ndiye anasiya phazi. Ife taimapo kangati, titagula mabulosi ndi sitiroberi m'njira, n'kujambula mpaka batire kutha, koma palibe ngakhale kamwala kotchedwa dzina lathu.

Funsani munthu wa m'tauni kumene amalota atakafika. Satchula Nyika, kumene mbidzi zimadya msipu m'chisanu chosayerekezeka. Satchula Livingstonia, kokwera ndi msewu wa Gorodi wokhotakhota ka 20. Amati Dubai. Akadzichepetsa amati Zanzibar kapena Cape Town, koma mtima uli ku Dubai, pansi pa Burj Khalifa, nyumba ya mamita 828 imene inatsegulidwa mu 2010. Zoti akachita chiyani kumeneko sanaganizebe. Chimene wakonza ndi poimira pojambulitsa ndi mawu olemba pansi pa chithunzicho, ndipo mawuwo anawakonza kalekale, pasipoti asanatenge.

Ena satha kudikira. Kuperekeza alamu ku bwalo la ndege la Chileka ndi mwayi wosati n'kuuphonya. "Alamu, tandibwerekeni kaye sutikesiyo." Chithunzi chimodzi pakhomo lolowera, magalasi akuda kumaso, kachizindikiro ka ndege pansi pake, osalemba mawu alionse. Sananame munthuyu, sananene kanthu. Ndemanga zimayamba kugwa: muyende bwino bwana, mutikumbukire, mundigulireko perefyumu. Vuto limabwera madzulo. Munthu amene ali ku Dubai sangaoneke pa chiwaya ku Ndirande akudya tchipisi. Ndiye amadzitsekera m'nyumba sabata yathunthu, makatani otseka, akutuma ana kukagula makala ndi bandulo, akuyankha mauthenga mochedwa dala kuti anthu aziti kumeneko nthawi ndi yosiyana. Magetsi akazima amavutika kawiri, pakuti sangadandaule nawo pa Facebook. Tchuthi chotere n'chotsika mtengo ndithu, kungoti pobwera pamafunika perefyumu uja, ndipo amakamugula ku Limbe m'mamawa, n'kumatula kapepala ka mtengo.

Ine ndimaona kuti Dubai timamukonda chifukwa safuna phazi. Pa Burj Khalifa umalipira, chikepe n'kukukweza. Phiri la Mulanje silichita zimenezo. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo palibe ndalama imene ingakufikitseko utakhala pansi. Umanyamukira ku Likhubula ndi wokulondolera njira, mpweya ukukuperewera, anyamata onyamula katundu akukudutsa atabereka chikwama chako chomwe, akucheza za mpira. Umagona m'tinyumba ta m'phirimo, komaliza ka pa Chisepo, m'mawa n'kuyamba kukwawa m'miyala ndi manja ndi mawondo. Anyamata omwe aja chaka ndi chaka amachita mpikisano wothamanga m'phiri lomweli, kukwera ndi kutsika dzuwa lisanapendeke. Ambiri a ife timathera pa Dziwe la Nkhalamba, m'munsi momwe, kuviika mapazi m'madzi ozizira aja, n'kulemba kuti "Mulanje tamugonjetsa."

Anthu a ku Mulanje amasimba kuti m'phirimo muli mizimu yodziwa kuchereza alendo. Ukhoza kupeza chakudya chokonzakonza pa mwala, nthochi zakupsa kapena nsima yotentha, ndipo lamulo lake ndi losavuta: idya wekha mwakachetechete, osaitana mnzako, osanyamulako. Ukaswa lamuloli, akuti njira yobwerera imakusokonekera. Ine mizimu imeneyi ndimaimvera chisoni. Inakhazikitsa lamulo lake isanakumane ndi m'badwo umene sungaike mbamu m'kamwa gulu la pa WhatsApp lisanaone mbale. Ndikanakhala ine wophikayo, ndikanazimitsa moto kalekale.

Koma mukandifunsa kumene ndimalota ine, ndi pa Ilala. Sitima imeneyi inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kulumikizidwa kuno, ndipo yakhala pa nyanja yathu kuyambira 1951. Ufulu wa 1964 unaipeza ili kale pa ntchito, ndipo imayenda ngati agogo odziwa kuti palibe angayambe kudya iwo asanafike. Imanyamuka ku Monkey Bay kulowera kumpoto, kumaima m'madoko, kudzera ku Likoma, chilumba cha Malawi chozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter chimene a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Pansi m'sitimamo mumakhala dziko lonse: matumba a usipa, chimanga, malata, nkhuku zomanga miyendo, njinga yamoto, mwana wogona pa thumba la ufa. Pamene palibe doko lenileni mumatsikira m'maboti ang'onoang'ono, n'kumalizitsa ndi miyendo, buluku lopinda, katundu pamutu. Phazi pamchenga umalisiya, ufune usafune.

Pakati pa nyanja netiweki imabwera ndi kupita mwa kufuna kwake, ndipo munthu amatha theka la tsiku wopanda womuuza kuti akusangalala. Ena zimawawawa, amayendayenda m'sitimamo foni atainyamula m'mwamba. Koma mankhwala enieni ndi kukwera mu Juni kapena Julayi, nthawi ya mwera. Mphepo ikangoyamba, sitima n'kumapendekera uku ndi uku, mafoni onse amalowa m'matumba, mlomo n'kupeza ntchito ina. Mudzamuona bambo amene anakwera ku Monkey Bay atavala chipewa cha khonde ndi magalasi akuda, amene wakhala akujambula chilichonse kuyambira nangula mpaka nkhuku za eni, atakumbatira chitsulo cha m'mphepete, chambo cha masana chikubwerera kwawo. Pambali pake pali mayi wogulitsa usipa, wokulira pa njira imeneyi, akusenda nthochi osatekeseka. Amamuyang'ana kanthawi, amamaliza nthochi yake, kenako amamugwira paphewa.

"Achimwene, bweretsani foniyo ndikujambuleni. Kunyumba aoneko."