Ndinalipira nyumba ndisanaione

Ndine namwino, ndipo ntchito yanga ndimaidziwa. Ndikhoza kupeza mtsempha pamkono wa mwana amene thupi lamuthera madzi, usiku, wina akundiunikira ndi tochi ya foni. Mwina n'chifukwa chake ndinkaganiza kuti kupeza pogona pa miyezi yochepa ndi nkhani yoti munthu angaimalize ali m'minibasi. Ndinali ndisanachitepo lendi kunja kwa Lilongwe, nyanja ndinkaidziwa ya pa Khirisimasi ku Salima basi, koma aliyense akandifunsa ndinkayankha molimba mtima kuti za accommodation ndasova kale. Ndikulemba izi manyazi ake asanandithere.

Munali mu December 2022. Mliri wa kolera, umene unayambira ku Machinga mu March chaka chomwecho, unali utafalikira dziko lonse, ndipo pa 5 December Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi ya zaumoyo. Manja ankachepa m'makampu a kolera, choncho ife amene tinali tisanalembedwe ntchito yokhazikika tinayamba kuitanidwa pa makontrakiti aafupi. Ine anandiuza kuti ndipite ku Mangochi, limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri.

Mnzake wa mnzanga ananditumizira zithunzi za nyumba pa WhatsApp: yamalata, yopenta bwino, matailosi pansi, mtengo wa mango pakhomo. Munthuyo sananame kalikonse, anayankha zonse zimene ndinamufunsa, koma zimene ndinamufunsazo zinali za matailosi, za netiweki ya foni ndi ngati bedi langa lingalowe pachitseko. Eni nyumba anapempha lendi ya miyezi itatu, monga amachitira ambiri, ndipo ine ndinakongola kwa achemwali anga n'kutumiza pafoni madzulo omwewo poopa kuti wina andilanda. Amayi atandifunsa kuti, "Nanga waiona nyumbayo, mwanangu?" ndinawayankha kuti, "Amayi, masiku ano zonse zimathera pafoni." Iwo anangoti chabwino.

Anali atandiuza kuti ndi pafupi ndi chipatala, ndipo n'zoona, ndi pafupi kwa munthu wa njinga m'chilimwe. Pakati pa nyumbayo ndi msewu panali dambo limene pachithunzi silikanaoneka, ndipo mvula itangolimba njira inasanduka matope ofika m'mawondo, akabaza anayamba kukana kulowako kukada, wina ankalola koma pamtengo wowirikiza, mafuta nawo ankasowa miyezi imeneyo moti njinga zamoto zinkapezeka mwa apo ndi apo, ndipo usiku wina ndinapezeka ndili ndekhandekha pakati pa dambolo, nsapato m'manja, yunifomu ndaikwinyira m'jumbo, foni yatsala pang'ono kuzima, ndikudziwa kuti mnzanga amene wakhala chiimire kuyambira m'mawa sangachoke mutenti ine ndisanafike. Nditafika sanandikalipire. Anangondipatsa lipoti la odwala, n'kunena kuti, "Sister, kasambeni kaye miyendoyo." Bwenzi atandilalatira, mwina zikanandipepukira.

Amene sanagwirepo ntchito mukampu ya kolera mwina sangamvetse chifukwa chimene kuchedwa kumeneku kunandiwawira chotero. Munthu wodwala kolera amataya madzi ambiri m'maola ochepa, amafika maso atalowa, khungu ukalitsina silibwerera, ndipo chimene chimamupulumutsa ndi madzi a Thanzi ORS kapena diripi ya Ringer's yoikidwa msanga ndi kuyang'aniridwa pafupipafupi. Namwino wotopa amene wawonjezera maola chifukwa mnzake ali m'dambo ndiye amene akuyang'anira madiripi onsewo.

Ndiye panali za madzi. Mpope unalipo panja, ndinauona pachithunzi, koma sindinafunse ngati umatulutsa madzi tsiku lililonse. Nthawi zambiri unali wouma, ndipo mjigo unali kutali. Ine amene masana ndinkauza anthu kuti azisamba m'manja ndi sopo, azimwa madzi othira klorini, ndinali ndi chigubu chimodzi chomwa, chosamba, chophikira ndi chochapira zovala zochokera mutenti ya kolera. Ndinkayeza madziwo ndi kapu. Pamenepo mantha anandigwira, ndipo ndinasamuka ndalama zanga zikadali m'nyumbamo. Sindinapemphe n'komwe kuti andibwezereko, chifukwa kupempha kukanatanthauza kuvomera pamaso pa eni nyumba kuti ndinalipira chinthu chosachiona.

Ndinalowa mu rest house ina pafupi ndi msika, ndikudziuza kuti ndi za masiku ochepa. Chipinda cholipira tsiku ndi tsiku chimaoneka chotchipa ukamalipira usiku woyamba. Kuphikira m'chipinda kunali koletsedwa, choncho ndinkadya tchipisi cha pachiwaya ndi mandasi, kapena nsima ya kulesitilanti, kwinaku ndikudzifunsa kuti mbalezi atsukira madzi ati, ndipo ndalama za kontrakiti zimabwera mwezi ukatha, chinthu chimene ndinkachidziwa bwino lomwe posaina, koma ndinali ndisanakhale pansi ndi cholembera kuwerengetsa kuti ndikafika bwanji ku month end. Bafa ndi chimbudzi tinkagwiritsa ntchito tonse, ine ndi amalonda obwera kudzagula usipa, anthu aulemu amene ankandipatsa moni wa "anesi" osadziwa kumene ndachokera m'mawa umenewo. Ndinkadzuka ndi nkhawa yoti ndine amene ndingawabweretsere matenda. Ndinayamba kuchapa zovala zantchito m'chipinda mobisa, m'beseni, ndi klorini, mpaka tsiku lina madzi ake anatayikira pabedi n'kusuwitsa nsalu ya eni ake. Mnyamata wa pa reception ananena mofatsa kuti, "Amayi, pepani, imeneyi mulipira." Ndinalipira ndi ndalama ya chakudya cha mawa lake.

Apa ndinaganiza kuti tsopano ndachenjera. Ndinati sindilipiranso nyumba ndisanaione ndi maso anga. Ndinamva za boys' quarter ina yoyandikira kuntchito, ndinapita madzulo nditaweruka, ndinatsegula mpope madzi n'kutuluka, ndinayang'ana chimbudzi, ndinayeza mtunda ndi mapazi anga, ndipo chimene chinandikopa koposa chinali bata la pamalopo. Kunali zii. Ndinalipira pomwepo, ndikudzitamandira mumtima.

Magetsi anali atazima madzulo amenewo. Kuyambira pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, kuzima kwa magetsi kwa maola ambiri kunali kwa tsiku ndi tsiku, ndipo tonse tinali titazolowera moti sindinaganizepo kuti bata lija linali la mdima chabe. Kuseri kwa khoma la chipinda changa kunali chigayo. Sichinabisike, chikwangwani chake chinali pamsewu, gaga anali mbwee pansi, koma ine ndinadutsa maso ali pafoni. Magetsi akangoyaka, kaya ndi 9 koloko m'mawa pamene ndangogona kuchokera ku naiti, chigayo chinkayamba, khoma linkanjenjemera, azimayi odikira pamzere ankacheza pansi pa windo langa, ndipo chipindacho chinalibe siling'i, malata ali pafupi ndi mutu, moti pofika masana munkatentha ngati mu uvuni ya njerwa, ine wokulira ku Dedza kumene timafunda bulangete ngakhale mu October, ndikutembenukatembenuka pamatiresi onyowa ndi thukuta, ndikuwerengera maola otsala kuti ndibwerere kuntchito ndisanagone ngakhale pang'ono. Munthu wogwira usiku amagona masana, ndipo nyumba yake amayenera kukaiona masana. Zimenezi sizifuna sukulu, koma ine sizinandifikire m'mutu.

Chimene chimandipwetekabe chinachitika sabata imeneyo. Mukampu ya kolera madzi a klorini amasungunulidwa mwa mphamvu zosiyana: 0.05% yosamba m'manja, 0.2% yokolopera pansi ndi kupukutira mabedi, 2% yothira m'ndowa za masanzi ndi chimbudzi cha odwala. Ndimazidziwa kuyambira kusukulu. M'bandakucha wina ndowa yosambira m'manja ya pakhomo la tenti inatha, ndinati ndithandize kudzaza, ndipo ndinanyamula chigubu cha 2% n'kuyamba kuthira. Mayi wina wachikulire amene ankakolopa mutentimo anandigwira mkono. "Anesi, taimani. Imeneyo si ya m'manja." Ananena chapansipansi kuti odikirira odwala asamve, anataya madziwo, anatsuka ndowa, n'kudzaza yekha. Palibe amene anavulala. Koma ndinaima panja pa tenti miyendo ikunjenjemera, ndikuganiza kuti ngati tulo tandisokoneza pa chigubu cholembedwa zilembo zikuluzikulu, nanga pa diripi ya mwana?

Ndikanakonda kunena kuti zinathera pomwepo. Neti yanga ndinali nditaisiya ku Lilongwe poganiza kuti ndikagula ndikafika, kenako ndalama zinapita m'dambo ndi ku rest house, ndipo ndinkangoyatsa koyilo. Ndi kangati ndaima pasikelo ya amayi oyembekezera kuwauza kuti azigona m'masikito usiku uliwonse? Kunyanja kuno udzudzu suchita nthabwala, makamaka m'dzinja. Mutu utayamba kuwawa ndinati ndi chigayo, thupi litayamba kuphwanya ndinati ndi kutopa, mpaka mnzanga anandikhazika pansi, kundibaya chala, ndipo mizere iwiri inatuluka. Anandipatsa LA. Ndinagona m'chipinda chotentha chija mu January 2023, mwezi umene mliri unali pachimake moti sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo anzanga, otopa kale, anagawana mashifiti anga. Ndinapita kukathandiza, koma sabata imeneyo ndinali katundu.

Mayi okolopa mutenti aja ndi amene anabwera kudzandiona, atanyamula phala m'kontena. Anayang'ana denga, anamvetsera chigayo, ndipo anafunsa kuti, "Mwanangu, nyumbayi anakusankhirani ndani?" Ndinawauza zonse, kuyambira pa zithunzi. Sanaseke. Anati iwo akhala m'dera limenelo moyo wawo wonse, amadziwa njira imene imaduka mvula ikagwa, mjigo umene suuma, khomo limene lili ndi mwambo, ndipo anesi ambiri obwera amawafunsa iwo kapena alangizi a zaumoyo, amene amayenda khomo ndi khomo. Ine ndinkagwira nawo ntchito usiku ndi usiku, tinkamwera limodzi tiyi, koma sindinawafunsepo, chifukwa ndinkafuna kuoneka ngati munthu wa kutauni wodziwa zimene akuchita. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Nditachira anandiperekeza kukaona chipinda kwa mayi wina wamasiye, dzuwa lili paliwombo, magetsi akuyaka. Anandiuza kuti ndikhale pansi m'chipindamo nditseke chitseko ndimvetsere. Anafunsa okha, m'Chiyao, za madzi, za anthu angati amene amagwiritsa ntchito chimbudzi, za poyanika zovala zanga padera ndi za ana a pakhomopo, ndipo anagwirizana ndi eni ake kuti ndizilipira mwezi ndi mwezi, popeza wa kontrakiti sadziwa kumene akagone mwezi wamawa. Chipindacho chinalibe matailosi, pangodya pankadontha, mbuzi zinkagona pakhonde. Koma mjigo unali kuseri, kuntchito ndinkayenda wapansi pamsewu wowuma, ndipo ndinkagona tulo. Posakhalitsa anandisamutsira kuchipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja, ndipo ulendo uno sindinasiye ndalama m'nyumba ya munthu. Ngongole ya achemwali anga ndinamaliza kubweza kontrakiti itatha kalekale.

Mliri umenewo unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo pambali pa zimenezo mavuto anga a pogona ndi aang'ono. Ndawafotokoza chifukwa makontrakiti aafupi sadzatha, kudzabwera kusefukira kwa madzi, katemera, mliri wina, ndipo kudzaitanidwa anamwino, azamba, ma clinical officer ndi a ku labu amene sanagonepo kunja kwa boma lakwawo. Anzanga, mukaitanidwa, musatumize ndalama ya nyumba musanafike. Gonani kaye kwa mnzanu usiku woyamba, m'mawa mufunse amene amakolopa mu wodi ndi alangizi a zaumoyo, mukaone chipindacho nthawi imene muzidzagonamo, ndipo neti muinyamule m'chikwama chomwe mwaika satifiketi yanu.