Kalata ya Khirisimasi ndi agogo a ku Scotland

Disembala akafika, mabanja ambiri a ku Britain ndi ku America amalemba kalata imodzi yaitali n'kuitumiza kwa achibale onse. M'menemo amatchula amene wakwatiwa, amene wabereka, amene wapuma pantchito, ngakhale galu amene wafa, ndipo kumapeto amalume ena amawonjezerapo zomwe atulukira pofufuza makolo awo a ku Scotland. Mwambowu wayamba kusiririka kuno ku Mwanza, makamaka kwa ophunzira omwe ali ndi kompyuta ndi nthawi yotaya. Ine munthu wamba, amene katundu wanga yense angakwere kabaza mmodzi n'kutsalako malo a mwini katunduyo, ndikuukana mwambowu. Mzungu akafufuza achibale amapeza akufa. Ife tikafufuza timapeza amoyo, ndipo amoyo amadya.

Taonani mmene zinthu zinawakhalira bwino anzathuwo. Ku Scotland boma linayamba kulemba aliyense wobadwa, wokwatira ndi womwalira mu 1855. Kalembera wotchula anthu mayina alipo kuyambira 1841, ndipo mabuku ena a mipingo amabwerera m'mbuyo mpaka 1553. Zonsezi zimasungidwa ku Edinburgh, ndipo pa intaneti zimapezeka pa ScotlandsPeople. Munthu ali phee ku Canada amalipira timapaundi tochepa, n'kupeza kuti agogo a agogo ake ankawomba nsalu ku Paisley kapena ankaweta nkhosa pachilumba cha Skye. Amakhetsako msozi, n'kugula kansalu kamandalasi ka fuko lake, nkhani yathera pomwepo. Agogo opezekawo akhala m'manda zaka zoposa 100. Sangaflashe foni usiku. Sangatumize mdzukulu wonyamula chikwama kuti adzakhale nawo “masiku awiri okha” podikira ntchito. Chibale chotere ndani angachikane?

Tsono yesani kafukufuku yemweyo pano. Mwanza ili pamalire, ndipo malirewo anawagwirizana Angelezi ndi Apwitikizi mu 1891 popanda kufunsa kuti azakhali a ndani atsala mbali iti. Mukangofunsa agogo aakazi za amayi awo, mwawoloka kale ku Zobue opanda chiphaso. Mukafunsa za alongo awo, mumva kuti mmodzi anapita ku Wenela, wina anatchona ku Salisbury, ndipo onsewo anasiyako ana, ana nawo anabereka. Onjezanipo omwe anathawa nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, n'kukwatira kapena kukwatiwa m'midzi ya kwa Nthache ndi kwa Kanduku. Onjezaninso a ku Neno, omwe boma linawapatula mu 2003 koma pamaliro amabwerabe ndi mbale zawo. Nthambi iliyonse ya mtengo wa makolowo ili ndi nambala ya foni. Ndiye wina alembe kuti “mwana wathu wayamba ntchito ku Blantyre”, n'kumwaza kalatayo kwa anthu onsewa mu Disembala, mwezi womwe nachesi anatha kalekale, nkhokwe zayamba kuonekera pansi, chimanga chikufuna feteleza wobereketsa, fizi ya Januwale ili pakhomo. Mwana wosalakwayo malipiro ake oyamba adzangowaona pa uthenga wa kubanki.

Komanso nkhani zoti zilowe m'kalatayo n'ziti? Mimba kwathu sailengeza, imadzilengeza yokha. Matumba a chimanga omwe wakolola sutchula, kuopa maso a anthu ndi zoyenda usiku. Mwana akamapita ku Joni amanyamuka m'bandakucha, oyandikana nawo n'kudzamva atadutsa kale pa mlatho wa ku Tete. Ukwati ukagwedezeka ndi nkhani ya ankhoswe, yokambira kuseri kwa nyumba. Mukachotsa zonsezi mutsala ndi chiganizo chimodzi chomwe makolo athu ankalemba kale pa pepala long'amba m'kope la mwana wasukulu: kuno tonse tili bwino, kaya inu kumeneko. Anthu aja sikuti ankasowa nkhani, ankadziwa mtengo wake. Ndipo tisaiwale kuti kalata yotere ili ndi mzere wapansi, wa anthu a mtundu wanga, omwe chaka chonse sitinakwezedwe, sitinakhome malata, sitinagule ngakhale mbuzi. Za ife amangolemba kuti “nawonso alipo”.

Ena anditsutsa kuti ubale wathu ndi Scotland ndi weniweni, ndipo pamenepo sindikana. David Livingstone anabadwira ku Blantyre wa ku Scotland mu 1813, ndipo mishoni ya Blantyre wathuyu inakhazikitsidwa mu 1876 ndi mpingo wa Church of Scotland. John Moir ndi m'bale wake Frederick anabwera ndi kampani ya African Lakes mu 1878. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe David Clement Scott anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891, chikanalipo. Mu 2005 Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell wa ku Scotland anasayinirana pangano la mgwirizano wa mayiko awiriwa. Alipo ndithu mabanja omwe magazi a ku Scotland ali nawo, kudzera mwa amalonda ndi eni minda ikuluikulu omwe anasiya ana osawalemba paliponse, ndipo kufufuza kwawo sindikuseka nako. Amene ndikuseka ndi enafe. Mayina a Dankeni, Gododi ndi Makidonadi anatipeza pa ubatizo, m'kaundula wa sukulu ya mishoni, kapena pakhonde la bwana amene lilime linkamulemera kutchula dzina la wantchito wake. Kenaka dzina la bambo linasanduka la banja lonse. Lero mdzukulu wolima mbatata ku Thambani akuyang'ana pagalasi kufunafuna mphuno ya fuko la MacDonald. Kamuzu amene anaphunzira udokotala ku Edinburgh, n'kukhala mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, anabwerako ali Banda yemweyo. Komabe tisanamizane: atati alengeze kuti aliyense wa dzina lotere akatenge chitupa cholowera ku Glasgow, pamzerepo mudzandipeza kutsogolo, nditabwereka dzina la aneba.

Otsutsa achiwiri ndi omwe amandisowetsa tulo. Iwo akuti mbiri yathu ikupita kumanda pamodzi ndi nkhalamba, ndipo kalata ya pachaka, ngakhale yodzitama, ndi pepala lomwe mdzukulu adzalipeze. Umboni ali nawo. Kalembera wa ziphaso za unzika anachitika mu 2017, ndipo okalamba ambiri chaka chawo chobadwa ankachipeza powerengera kuchokera pa njala ya 1949, mlembi n'kungosankhapo nambala yooneka bwino. Ngakhale Kamuzu, mwini dziko panthawiyo, boma linkati anabadwa mu 1906 pomwe olemba mbiri ambiri amati 1898. Mutu wa dziko ukasochera ndi zaka 8, nanga ine? Koma otsutsawa akuiwala kuti nkhokwe ya mbiri tili nayo, kungoti imatsekulidwa pasiwa. Khalani pafupi ndi amayi achikulire usiku wa maliro, nyimbo zikaduka, mumve mmene amayalira mbumba: uyu anabadwa kwa uje, uje anayamwa bere limodzi ndi uje, awa anabwera chikamwini kuchokera ku Ntcheu. Salakwitsa ngakhale mmodzi. Ndipo amadziwanso pofunika kutsokomola n'kudumpha dzina. Pepala silitsokomola. Lidzalemba poyera kuti agogo a banja lakuti anabwera ngati akapolo, kuti mwana wachitatu wa malemu anafanana kwambiri ndi ogulitsa m'golosale, kuti dimba la kumtsinje linali longobwereka. Kalata imodzi yotere ingapatse a gulupu milandu yoweruza mpaka Khirisimasi inayo. Kulemba kulembedwe, m'kope lachikuto cholimba, lisungidwe m'sutikesi ya mwinimbumba pansi pa bedi. Chomwe ndikukana n'kuchulukitsa mapepalawo n'kuwamwaza pamodzi ndi mafuno abwino a chaka chatsopano.

Otsala ndi omwe akuti maganizo angawa ndi umbombo wovala jekete, poti chibale ndi fupa, sichiola. Amenewa sanandiyang'ane bwino. Umbombo umafuna kuti munthu akhale ndi kanthu kobisa. Pa mtengo wa makolo uja, ine ndili ku nthambi yomwe ena amaibisira nkhani, ndipo foni yanga ikalira kwa achibale a m'tauni, netiweki imavuta mwadzidzidzi. Kalata yomwe ndikuitsutsayi wopindula nayo woyamba ndine. Ndingaiwerenge ndi cholembera m'manja, kudula mzere pansi pa aliyense amene wakwezedwa pantchito, wagula minibasi kapena wakwatiwa ndi wa ku kasitomu pachipata. Choncho ochenjera a m'banja amvere malangizo angawa, asalembe. Koma ngati alipo wina wamakani amene walemba kale, anditumizireko yanga, ndipo manambala a foni awalembe ooneka bwino.